Dziwe la a Václav ku Ilford

Chikondi ndi Madalo, mwakhala mukundiseka kuti bambo anu amadziwa kamudzi ka ku Czech kuposa misewu ya ku Thamesmead, chonsecho sanapondeko phazi. Sekani, koma muwerenge kaye. Ndalemba m'Chichewa dala kuti mutuluke thukuta pang'ono, poti ndikamakulankhulani mumamva zonse koma mumayankha m'Chingerezi ngati anthu a ku banki. Za ubwana wanga ndadumpha. Munalibe kanthu: mbuzi, zipere, ndi sukulu imene tinasiyana nayo mwamtendere ndili Fomu 2, iyo osandifuna, ine osaifuna.

Zomba, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'matope. Ndinalembedwa pa famu ina yoweta nsomba kumunsi kwa phiri, ndipo bwana wathu anali a Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankavala jombo ngakhale popita ku ukwati. Ife tinkakumba maiwe, kuthira manyowa a nkhuku, kumwaza madeya, ndi kuthamangitsa akatumbu amene ankadya makumba athu ngati anawalipirira. Madeya akasowa, a Mbewe ankatituma kukathyola masamba a chinangwa n'kumati nsomba nazonso ziphunzire umphawi. Tsiku lalikulu linali lophwetsa dziwe. Tinkatsegula paipi, madzi n'kumatsika pang'onopang'ono, nsomba n'kumasonkhana pamalo okuya, ife n'kulowa ndi khoka matope akufika m'ntchafu. A Mbewe ankaima pamwamba pa khoma, ouma bwinobwino, akukuwa kuti, “Wyson, nsomba igwire ngati khanda, osati ngati wakuba!” Ndinkaganiza kuti nzeru imeneyi idzathera ku Zomba komweko. Ndani akanandiuza kuti ndidzaigwiritsa ntchito kuno?

London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Mayi anu ndiwo anayamba kubwera, ndi unamwino wawo. Ine ndinatsatira ngati katundu wotsalira pa eyapoti. Ndinaima pa mizere ya ku Croydon mpaka alonda a pa ofesi ya mapepala anayamba kundipatsa moni. Kenako ndinasesa maofesi, ndinatsuka mbale, mpaka ejense ina yopezera anthu ntchito inanditumiza ku nyumba yosamalira okalamba ku Ilford. Anati ndikathandize sabata imodzi. Ndinatulukako tsitsi litayera.

Manijala wathu anali Mayi Dorothy, a ku Jamaica, mayi wamtali amene sankakweza mawu. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi, unkakumbukira machimo a chaka chatha. Koma ndinene zoona, pa mabwana onse amene ndinawagwirira ntchito, iwowa ndiwo ankadziwa kuti wokalamba aliyense amamwa tiyi wotani. Vuto lathu linali anthu. Antchito ankabwera Lolemba, pofika Lachisanu athawa. Magolovesi ankatha pakati pa mwezi, makina onyamulira odwala ankafa, ndipo ife tinkanyamula ndi misana yathu. Ine kuchoka kumene tinkakhala ku Thamesmead kupita ku Ilford ndinkakwera basi, kutsika, kuwoloka mtsinje, kukweranso ina, moti ndinkafika nditatopa kale ngati ndaweruka.

Ilford, zaka zingapo pambuyo pake

A Václav anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Hana, amene ankaphunzitsa sukulu chapafupi. Bambowa anali nkhalamba yaitali, ya manja aakulu ngati mafosholo, ndipo moyo wawo wonse kuno anali pulambala. Anali ndi matenda oiwalaiwala. Chingerezi chimene anachilankhula zaka zambiri chinali chitayamba kuwathawa, chikutsala cha kwawo. Sankalankhula ndi munthu. Ankakhala pawindo kuyang'ana kadziwe ka m'munda wa kuseri, kadziwe kokongoletsa chabe, kofika m'mawondo, kokhala ndi tinsomba tofiira ndi pampu yolavula madzi.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinati, pongocheza, “Dziwe limeneli ndi lauve, bambo. Kwathu tikanaliphwetsa kalekale.”

Anandigwira dzanja, lezala ili m'mwamba. “Iwe, umadziwa kuphwetsa dziwe?”

“Ndinakulira m'matope, bambo.”

“Ku Africa kuli maiwe?”

“Aliko. Kapena mumaganiza kuti nsomba zathu zimakhala m'mitengo?”

Anaseka mpaka sopo analowa m'kamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mwana wa sukulu, ndipo phunziro linali limodzi: Lhota, mudzi wa kwawo, kummwera kwa dziko la Czech. Musavutike kuufufuza pa foni, chifukwa midzi ya dzina limeneli kumeneko ndi yambirimbiri. A Václav ankati kalekale mwini dziko akafuna kuti nkhalango isanduke minda, ankaitana anthu kuti adule mitengo, amange nyumba, ndipo ankawasiya zaka zingapo osapereka msonkho. Midzi yoyamba chotero inkatchedwa Lhota. Ine ndinati ndiye kuti makolo awo anali anthu anzeru, anathawira msonkho m'tchire. Iwo anati inde, ndipo msonkho unawapeza komweko.

Ankandiphunzitsa tikuyenda m'khonde, dzanja lawo lili pa phewa langa. Msewu ndi umodzi, umachokera ku tauni kumene kuli siteshoni ya sitima, umakwera kamtunda pakati pa minda ya mbatatesi, kenako umatsikira pa bwalo la udzu. Pa bwalopo pali katchalitchi kakang'ono koti anthu ochepa akalowa ena amapempherera panja, ndi mtengo waukulu umene njuchi zimaukonda ukachita maluwa. Nyumba zimazungulira bwalo, zonse zoyang'ana mkati, iliyonse ndi chipata chachikulu cholowera ngolo, makola kuseri. Kumanja kuli nyumba ya mowa. Ndinafunsa kuti n'chiyani chinayamba kumangidwa, tchalitchi kapena nyumba ya mowa, iwo anati funso limenelo wansembe analetsa. Ukapitirira nyumba yomaliza, imene inali yawo, nthaka imayamba kunyowa, ndipo pamenepo pali dziwe. Osati dziwe la a Mbewe ayi. Dziwe loti munthu ali tsidya linalo amaoneka ngati nyerere, khoma lake ladothi lalitali, pamwamba pake mitengo ikuluikulu imene mizu yake imagwira khomalo. Kuseri kwa dziwe nkhalango, kumene amayi awo ankakazula bowa.

Chimene chinandigometsa n'chakuti dziwelo silinali la Mulungu. Anthu analikumba ndi manja, zaka mazana angapo zapitazo. Dera lonselo linali dambo losalimika, ndiye anthu anati ngati madzi akukana kuchoka, agwire ntchito. Anamanga makoma, anakumba ngalande zolumikiza dziwe lina ndi linzake, n'kuyamba kuweta nsomba yonenepa imene amaitcha kapr, imene amadya pa Khrisimasi. Ine amene ndinathyoka msana ndi kadziwe kamodzi ku Zomba, ndinavula chipewa. Dziko lawo lilibe nyanja ya mchere mbali iliyonse, koma anadzipangira madzi okha.

Mbiri ya mudziwo ankaifotokoza ngati mndandanda wa alendo osaitanidwa. Anati agogo awo anabadwa pansi pa mfumu ya ku Austria. Bambo awo anaona dziko likudziimira palokha, kenako anabwera Ajeremani, kenako achikomyunizimu, amene anasonkhanitsa minda ya anthu onse kukhala munda umodzi, thirakitala n'kugumula malire, ng'ombe za bambo awo n'kupita ku khola la gulu. Akasinja a ku Russia atalowa m'dzikomo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, iwo anali mnyamata wa magazi otentha, anatuluka osabwereranso kukakhala. “Onsewo anabwera ndi mbendera zawo,” ankatero, “koma palibe amene analetsa kuphwetsa dziwe. Nsomba ankazifuna onse.” Nyengo yake inali masamba akayamba kugwa, cha mu Okutobala. Madzi ankatsika masiku ambiri, ndipo pa tsiku lokoka khoka mudzi wonse unkaima pa khoma, amuna m'matope, akazi akuphika msuzi wa nsomba, ana osapita ku sukulu. Bambo awo ndiwo ankayang'anira chotsekera madzi.

Ankaiwala ngati adya, ankaiwala dzina la Hana masiku ena, koma sanasokonezepo kuti ngalande imalowa m'dziwe kuchokera mbali iti. Ndikalakwitsa dala, n'kunena kuti nyumba ya mowa ili kumanzere, ankaima n'kundiyang'ana ngati a Mbewe. “Wyson, waledzera usanafike n'komwe.”

Okutobala wa chaka chovuta

Chaka chimenecho mayi anu anandipezera ntchito pa chipatala chimene ankagwirako, yokankha odwala pa mabedi. Inali pafupi ndi kwathu, basi imodzi, ndiponso inali ndi penshoni yooneka. Msana wanga unali utayamba kale kudandaula. Ndinauza Mayi Dorothy kuti ndikuchoka kutha kwa mwezi, iwo anati andimvetsa, ndipo anayamba kukonza kaphwando.

M'mawa wina, tili ochepa monga mwa masiku onse, titamaliza kudyetsa phala, tinapeza mpando wa a Václav uli wokha. Chitseko cha kumunda sichinkakhomedwa masana, poti munda unali ndi mpanda. Ndinatuluka. Ndinawapeza ali m'kadziwe kaja, ovala zogonera, madzi a Okutobala ali m'miyendo. Upulambala sunawachoke: anali atamasula paipi ya pampu n'kuilozetsa ku ngalande ya madzi a mvula, dziwe likuphwa bwinobwino. Tinsomba anali atatiika m'beseni lochapira, tonse tamoyo. Milomo yawo inali itachita bii ndi kuzizira, koma nkhope ikuwala.

“Wachedwa,” anatero. “Anzako ali kuti? Khoka lili kuti?”

Tinawatulutsa, tinawafunditsa, koma chifuwa chinawagwira ndipo anagona m'chipatala masiku angapo. Mayi Dorothy anatiitana ine ndi Hana mu ofesi. Sanakalipe. Anati a Václav akanaterereka n'kugwa chafufumimba, bwenzi tikunena za maliro, ndipo zimenezo zinali zoona. Eni nyumbayo anali ndi nyumba ina kunja kwa London, ya zitseko zokhoma ndi manambala, yopanda munda, yosungirako odwala othawathawa. Eniwo ananena kuti a Václav apite kumeneko. Hana analibe galimoto. Kwa ife ankabwera madzulo aliwonse akaweruka. Kumeneko akanamapita mwina kamodzi pa mwezi. Anangopindapinda mpango m'manja.

“Palibe njira ina, mayi?” ndinafunsa.

“Ilipo imodzi,” anatero Mayi Dorothy, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Ndikhoza kuwauza akuluakulu kuti m'mawa uliwonse pakhala munthu mmodzi woyenda nawo, amene iwo amamumvera. Ndikawalonjeza zimenezo, andilola. Koma munthu amene amamumvera ndi mmodzi, Wyson, ndipo keke yake yotsanzikana ndaitanitsa kale. Sindikukupempha. Uli ndi banja, uli ndi msana. Ndikungoyankha zimene wafunsa.”

Ndinakwera mabasi anga onse tsiku limenelo osaona njira. Kunyumba ndinapeza mayi anu akusita yunifolomu. Inu munali pabalaza, mukukangana za rimoti. Ndinazungulira nkhani ngati galu wofuna pogona, mpaka iwo anaimika simbi.

“Bambo a Chikondi, nenani. Mwaswa chiyani?”

Ndinafotokoza zonse.

“Ndiye mukufuna ndikawauze chiyani anthu amene ndinawachonderera kuti akulembeni? Kuti amuna anga akana, ali bize, akuweta nsomba ndi mzungu?”

“Si mzungu wamba, mayi. Ndi munthu wa maiwe.”

“Ali ndi mwana wake. Inu muli ndi awiri, awo akumenyanawo. Msana umenewo ukathyoka adzakusambitseni ndani? A Václav?”

“Mudzandisambitsa ndinu. Munalumbira kutchalitchi.”

“Musandiseketse, ndakwiya.” Anatembenuza yunifolomu. “Mwayi uwu sudzabweranso, mukudziwa? Zaka zanu zapita.”

Ndinati ndikudziwa. Ndinati chimene chikundivuta n'chakuti mudzi wonse uja, msewu, katchalitchi, dziwe, watsala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo umatuluka pokhapokha pakhale womufunsa. Kumalo okhoma kuja palibe adzamufunse. Adzakhala nkhalamba yolankhula zosamveka, ndipo adzaipatsa mankhwala ogonetsa. Mayi anu ndi namwino, zimenezo ankazidziwa kuposa ine. Anasita kolala nthawi yaitali, kolala yosita kale.

“Bambo anga anamwalira kwathu ku chipatala cha Queens ine ndili kuno pa shifiti,” anatero. “Sindidziwa amene anawagwira dzanja. Pitani kwa nkhalamba yanuyo. Koma tsiku limene mudzati ‘mayo msana’, ndidzakweza wailesi.”

Ndipo amakwezadi, mwaona nokha.

M'mawa mwake ndinauza Mayi Dorothy kuti sindikuchoka. Anangoti, “Chabwino. Keke tidya basi, ndalipira kale.” Tinadya keke yolembedwa mawu onditsanzika, ine ndemwe ndikudula.

Chaka chotsatira

A Václav anabwerera m'chipinda chawo. M'mawa uliwonse tinkayenda m'khonde muja ngati tili ku Lhota, kuchoka ku siteshoni, kukwera kamtunda, kutsikira pa bwalo. Miyendo itayamba kukana ndinkawakankha pa njinga ya odwala, iwo akuloza njira. Masamba atayambanso kugwa ndinaona kuti ayamba kusakhazikika, maso ali pawindo. Ndinapita kwa Mayi Dorothy n'kunena kuti munthuyu adzalowanso m'madzi, bwanji tiphwetse tokha dziwelo iwo akuyang'anira? Ndinkayembekeza magalasi aja. Koma anati dziwelo likufunikadi kutsuka, ndipo kampani imene inkabwera kudzatsuka inkangosokoneza maluwa. Anandigulira jombo zofika m'chiuno.

Linali Loweruka masana, kadzuwa kozizira. Tinatulutsa okalamba onse amene akanatha, titawakulunga m'mabulangete, n'kuwandandalika m'mbali mwa dziwe. Hana anaphika msuzi wa nsomba wa kwawo m'khitchini mwathu, wophika wathu akuyang'ana mokayika. Mayi anu anabwera, akuti kudzaona chimene chinawadyera penshoni. A Václav tinawaika kutsogolo, chipewa kumutu, ndipo munthu amene masiku amenewo ankavutika kupempha madzi akumwa anayamba kulamula ngati kapitawo. Theka m'Chingerezi, theka m'chiyankhulo chawo, Hana akumasulira akuseka ndi misozi.

“Akuti mwatsegula kwambiri, nsomba zidzidzimuka.”

Ndinachepetsa.

“Akuti khoka muyambire kosaya. Akuti kodi ku Africa anakuphunzitsani ndani?”

Khoka lathu linali katani yakale ya pawindo. Mbali ina ndinagwira ine, mbali ina, Mulungu ndi mboni, Mayi Dorothy, atavula nsapato za mu ofesi n'kuvala jombo za wosamalira maluwa. A Václav sanawaope. Anawauza kuti akukoka ngati munthu wa m'tauni, ndipo iwo anayankha kuti, “Pepani, bwana.” Agogo ena achingerezi amene ankangogona tsiku lonse ankawerenga nsomba mokweza, kulakwitsa, kuyambiranso. Tinachotsa matope ndi ndowa, tinatsuka pampu, tinathira madzi atsopano.

Tisanabweze nsomba, a Václav anakweza dzanja. Analankhula ndi Hana nthawi yaitali, nkhope ili yolimba. Hana anati kwawo munthu amene walowa m'matope sabwerera kunyumba chimanjamanja, amapatsidwa nsomba, ndipo woyang'anira dziwe ndiye amasankha. Anawayandikizira beseni. Anayang'ana, anayang'ana, kenako analowetsa dzanja lalikulu lija n'kutulutsa kansomba kofiira kotalika ngati chala changa, mosamala, n'kukaika m'botolo la jamu. Anandipatsa ndi manja awiri.

“Wyson wa ku Lhota,” anatero. “Nyumba yomaliza, pafupi ndi ife.”

Ndinalandira ndi manja awiri, nditagwada pang'ono monga timachitira kwathu. Kenako ndinayang'ana kumbali, kumene kunali mayi anu. Iwo anasuzumira m'botolo.

“Penshoni yake ndi imeneyi?”

“Ndi imeneyi, mayi.”

“Igwireni bwino, ingatayike m'basi.”

Ku nyumba yokhoma kuja a Václav sanapiteko. Anakhala nafe mpaka tinaphwetsanso dziwe kachiwiri, ndipo anamwalira nyengo yozizira yotsatira, masana, m'chipinda chawo choyang'ana kumunda, Hana atagwira dzanja lina, ine lina. Ntchito ya ku chipatala inapita kwa munthu wina, ndipo ndimamva kuti anapuma ntchito bwino, ali ndi nyumba ku Lilongwe ya mpanda wa njerwa. Ine ndili pano pa fulati ndi msana wanga ndi wailesi ya mayi anu. Mukandifunsa ngati ndimadandaula, yankho limadalira kuti mwandifunsa ndisanamwe mankhwala kapena nditamwa. Koma kusankha ndikanasankhanso chimodzimodzi, ndipo mayi anu, ngakhale sangavomere pamaso panu, jombo zija anazisunga okha pamwamba pa wadiropu.